Msewu wa pa Sikirini: Magemu a Mpikisano wa Magalimoto pa Super Nintendo

Makina a magemu otchedwa Super Famicom, opangidwa ndi kampani ya Nintendo, anayamba kugulitsidwa ku Japan pa 21 Novembala 1990. Tsiku limenelo m'masitolo munali magemu awiri okha oseweredwa pa makinawa: Super Mario World ndi F-Zero, gemu ya mpikisano wa magalimoto. Ku America makinawa anafika mu 1991 ndipo ku Ulaya mu 1992, atapatsidwa dzina lakuti Super Nintendo Entertainment System, limene ambiri amangolidula kuti SNES. Pofika 1994 panali patatuluka magemu anayi a mpikisano amene anthu amawayerekezabe mpaka lero: F-Zero, Top Gear, Super Mario Kart ndi Stunt Race FX. Onse anayi ankaseweredwa pa makina amodzimodzi ndi padi (chogwirira m'manja chokhala ndi mabatani) imodzimodzi, koma gemu iliyonse inajambula msewu mwa njira yakeyake, ndipo kajambulidweko ndi kamene kanalamula mtundu wa mpikisano umene wosewera akanatha kuchita.

Makina ndi malire ake

Gemu ya magalimoto imafuna chinthu chimene makina a nthawi imeneyo sanapangidwire: kuonetsa kutalika kwa mtunda. Woyendetsa ayenera kuona kona ikubwera chapatali, ikukula, mpaka ataifika. Koma SNES inapangidwa kuti izijambula zithunzi zafulati, zosanjikizana ngati mapepala. Purosesa yake, Ricoh 5A22, inkafika pa 3.58 MHz basi, pamene Mega Drive ya kampani ya Sega, imene inatuluka mu 1988, inali ndi Motorola 68000 yothamanga pafupifupi 7.6 MHz. Mphamvu ya SNES inali pa zipangizo zojambulira. Inkatha kusankha mitundu 256 mwa mitundu 32,768 n'kuionetsa nthawi imodzi, pa chithunzi cha timadontho 256 m'lifupi ndi mizere 224 kuchokera pamwamba kutsika pansi.

Chithunzi chilichonse chinkapangidwa ndi zinthu za mitundu iwiri. Kumbuyo kunkakhala chinsalu chachikulu cholumikizidwa ndi timabwalo ting'onoting'ono, ndipo patsogolo pake pankayenda tizithunzi totchedwa sprite, monga galimoto, mtengo kapena chikwangwani. Makinawa anali ndi njira zisanu ndi zitatu zoyalira chinsalu chakumbuyocho, zowerengedwa kuyambira 0 mpaka 7. Yomalizayo, Mode 7, ndi imene inatchukitsa SNES.

Mu Mode 7 chinsalu chimakhala chimodzi chokha, cha timadontho 1,024 mbali zonse, koma makina amatha kuchizunguza, kuchikulitsa ndi kuchichepetsa popanda kulemetsa purosesa. Pachokha zimenezi zimangopereka mapu ooneka ngati munthu akuwayang'ana ali pamwamba. Nzeru yeniyeni inagona pa mmene wailesi yakanema yakale imajambulira chithunzi. Imalemba mzere umodziumodzi kuchokera pamwamba, ndipo SNES inali ndi njira yotchedwa HDMA yosinthira kukula kwa chinsalu mzere wina ukatha, wina usanayambe. Mizere ya m'munsi mwa sikirini inkakulitsidwa kwambiri, ya m'mwamba n'kumachepetsedwa pang'onopang'ono. Diso likaona zimenezi limakhulupirira kuti mapu aja agonekedwa pansi ngati mphasa yoyalidwa mpaka kuchizimezime. Galimoto imakhala pamalo amodzi pa sikirini. Chimene chimathamanga ndi kuzungulira ndi mphasayo.

Mphasa ilibe chitunda. Chilichonse chojambulidwa pa iyo chimakhala chogona: khoma, mwala, mpanda. Komanso Mode 7 sikhudza ma sprite, choncho galimoto iliyonse inkayenera kujambulidwa pamanja kambirimbiri, yaikulu, yapakati, yaing'ono, yoonekera kumbuyo, yoonekera chammbali, ndipo zonsezo zinkadya malo m'kaseti ya gemu.

F-Zero, 1990

Gulu limene linapanga F-Zero, lotsogozedwa ndi Kazunobu Shimizu pansi pa Shigeru Miyamoto, silinalimbane ndi malire amenewa. Linamanga gemu yonse pamwamba pake. Opanga gemuyi anafotokoza pambuyo pake kuti poyamba magalimoto ake anali ndi matayala, koma kujambula matayala ozungulira kuchokera mbali zonse kunkafuna zithunzi zochuluka kwambiri. Anawachotsa, magalimoto n'kukhala oyandama pang'ono pamwamba pa msewu. Nkhani ya gemuyi anaiika m'chaka cha 2560, misewu anaipachika m'mwamba pamwamba pa mizinda ndi nyanja kuti pasafunike nyumba zoimirira m'mbali, ndipo m'malo mwa khoma anaika mizere ya timagetsi tozungulira togona pansi, timene timapweteka galimoto ikatigunda. Takaya Imamura ndi amene anajambula oyendetsa ake, kuphatikizapo Captain Falcon.

Pali magalimoto anayi: Blue Falcon, Golden Fox, Wild Goose ndi Fire Stingray. Golden Fox imanyamuka msanga koma ndi yosalimba. Fire Stingray imachedwa kutenga liwiro koma ikalitenga palibe yoipeza. Misewu ilipo 15, yogawidwa m'magulu atatu otchedwa Knight, Queen ndi King, ndipo mpikisano uliwonse ndi wozungulira kasanu. Lamulo lake ndi lokhwima: pomaliza kuzungulira koyamba wosewera asakhale kumbuyo kwa nambala 15, kenako 10, kenako 7, kenako 5, ndipo pomaliza ayenera kukhala mwa atatu oyambirira. Galimoto ili ndi muyezo wa mphamvu umene umatsika ikagunda, ndipo ukatha imaphulika. Akazungulira kamodzi wosewera amapatsidwa mwayi umodzi wowonjezera liwiro kwa kanthawi, n'kusankha yekha pougwiritsa ntchito.

Munthu ataimitsa F-Zero n'kuyang'ana chithunzi chimodzi, akhoza kuona ngati ndi gemu yosauka. Msewu ndi wotuwa, m'mbali muli mitundu yobwerezabwereza, kumwamba kuli kachithunzi ka mzinda. Ubwino wake umaoneka ikamayenda. Chithunzi chimasintha ka 60 pa sekondi popanda kudodoma, sikirini yonse ndi ya woyendetsa mmodzi, ndipo liwiro lolembedwa pakona limapitirira makilomita 400 pa ola. Popeza palibe choimirira chotchinga maso, kona imaoneka idakali kutali ndipo woyendetsa amaikonzekera. Mabatani a L ndi R, amene ali pamwamba pa padi pofikira zala zolozera, amapendeketsa galimoto kuti ikhote mwamphamvu. Pa msewu wa Death Wind mphepo imakankhira galimoto kumbali nthawi zonse, ku White Land kuli malo oterera ndi phompho lofunika kulidumpha, ku Port Town kuli maginito okokera galimoto ku mpanda. Zopinga zonsezi ndi zogona pansi kapena zosaoneka, zogwirizana ndi zimene Mode 7 imatha. Wosewera akalakwitsa amadziwa kuti walakwitsa yekha, ndipo zimenezi ndi zimene zimamubwezera ku msewu womwewo maulendo makumi.

Chimene F-Zero inalibe ndi mnzake wosewera naye. Ndi gemu ya munthu mmodzi.

Super Mario Kart, 1992

Kusowa kumeneku ndi kumene kunabala Super Mario Kart, imene inatuluka ku Japan pa 27 Ogasiti 1992, motsogozedwa ndi Tadashi Sugiyama ndi Hideki Konno. Cholinga chinali gemu ya mpikisano ya anthu awiri pa sikirini imodzi. Apa panabuka vuto lalikulu. Misewu ya F-Zero ndi yaitali kuposa chinsalu cha Mode 7, moti makina amalowetsa chigawo chatsopano cha msewu galimoto ikamayandikira, chakale n'kumafufutika. Koma osewera awiri akhoza kukhala kumalekezero awiri osiyana a msewu, ndipo onse amadalira chinsalu chimodzi chomwecho. Msewu wonse unayenera kukwana m'bwalo limodzi la timadontho 1,024. M'bwalo laling'ono chotero simungakhale misewu yaitali yowongoka. Munangokwana misewu yokhotakhota, ndipo msewu wokhotakhota sufuna galimoto ya makilomita 400 pa ola. Umafuna tigalimoto ting'onoting'ono totchedwa kart. Mario ndi anzake anabwera pambuyo, ntchito itayamba kale.

M'kaseti ya gemuyi anaikamo kachipangizo kowonjezera, DSP-1, kothandiza purosesa pa masamu a malo ndi mtunda. Kanali katagwiritsidwa kale ntchito mu gemu ya Pilotwings. Sikirini imagawidwa pakati nthawi zonse. Ngakhale munthu akusewera yekha, amayendetsa pa theka la m'mwamba, la m'munsi likuonetsa mapu kapena zimene zili kumbuyo. Pa kaonekedwe, ndiye kuti Super Mario Kart inataya zambiri zimene F-Zero inali nazo: malo oonera ndi opapatiza, kamera ili pansi kwambiri, ndipo makoma ake ndi timabwalo togona pansi timene kagalimoto kamagunda ngati kuti taimirira. Wosewera watsopano amavutika kuyeza mtunda wa kona, ndipo ma sprite a mapaipi ndi a oyendetsa anzake amakula modumphadumpha akamayandikira.

Zimene inapeza posinthana ndi zimenezi n'zochuluka. Oyendetsa ndi asanu ndi atatu, awiriawiri ofanana kayendedwe: Mario ndi Luigi ali pakatikati, Princess ndi Yoshi amanyamuka msanga, Bowser ndi Donkey Kong Jr. ndi olemera koma a liwiro lalikulu, Koopa Troopa ndi Toad amagwira msewu bwino pokhota. Misewu ndi 20 m'zikho zinayi, pa magulu a injini a 50cc, 100cc ndi 150cc. Popeza mphasa ya Mode 7 imalola mtundu uliwonse pa kabwalo kalikonse, opanga gemuyi anasandutsa mitundu kukhala chilankhulo: phula, udzu, matope, mchenga, madzi oundana, matabwa, chilichonse chili ndi kagwiridwe kake ka matayala, ndipo diso limachizindikira lisanafike. Ndalama zachitsulo zomwazika pa msewu zimawonjezera liwiro mpaka zitakwana khumi. Batani la L kapena R limadumphitsa kagalimoto pang'ono kuti kalowe m'kona chotsetsereka. Pamwamba pa zonsezi pali zida zotola m'njira: khoko la nthochi, chigoba chobiriwira chopita molunjika, chofiira cholondola mdani, nthenga yodumphira mpanda, mphezi yochepetsa onse otsala.

Misewu yaifupi imasunga opikisana pafupi, ndipo zida zimapatsa wotsalira mwayi wobwerera. Pamene F-Zero imayesa munthu ndi msewu, Super Mario Kart imayesa munthu ndi mnzake wakhala naye pa mkeka umodzi. Komabe luso silinatayike: Rainbow Road, msewu womaliza, ulibe mpanda ngakhale pang'ono, ndipo wolephera kona amagwera mumdima. Gemuyi inagulidwa makope oposa 8 miliyoni.

Top Gear, 1992

Chaka chomwecho kampani ya Gremlin Graphics ya ku Sheffield, ku England, inapanga Top Gear, yofalitsidwa ndi Kemco. Ku Japan inkatchedwa Top Racer. Iyi inatsata njira yakale, ya magemu a m'nyumba zosewereramo monga Pole Position ya Namco ya 1982 ndi Out Run ya Sega ya 1986. M'njira imeneyi mulibe mapu ogonekedwa pansi. Pali chithunzi cha msewu wopita kutsogolo, ndipo mzere uliwonse wa chithunzicho umasunthidwa pang'ono kumanja kapena kumanzere kuti msewu uoneke wokhota, kapena kukwezedwa ndi kutsitsidwa kuti uoneke ngati chitunda ndi mtsetse. Mikwingwirima yowala ndi yakuda yosinthana pansi ndi imene imapereka liwiro m'maso.

Motero Top Gear ili ndi zimene Mode 7 singathe: zitunda zobisa zimene zili kuseri, mitengo ndi zikwangwani zodutsa m'mbali, ndi magalimoto 20 pa mpikisano umodzi. Misewu yake 32 ili ndi mayina a malo enieni, monga Las Vegas, Rio, Kyoto, Stonehenge ndi Sheffield yomweyo. Koma galimoto yake ndi yomangirira ku msewu. Singatembenuke kuyang'ana kumene yachokera, singadule njira, ndipo kukhota kwenikweni ndi kulimbana ndi mphamvu yoikankhira kunja kwa kona. Luso la woyendetsa limasamukira kwina: kupyola pakati pa magalimoto othithikana osagunda, kusintha magiya pamanja, kusunga ma nitro atatu owonjezera liwiro mpaka pamalo oyenera, ndi kuwerengera mafuta. Galimoto yofiira imathamanga kwambiri koma imamwa mafuta, yoyera ndi yosunga mafuta, ndipo pa misewu yaitali funso lakuti aime liti kuthira mafuta limatha kupereka kapena kulanda chipambano. Nayonso imagawa sikirini nthawi zonse, kompyuta n'kumayendetsa galimoto ya m'munsi ngati palibe wosewera wachiwiri. Nyimbo zake, zopekedwa ndi Barry Leitch, zinathandiza kwambiri kuti ikondedwe, makamaka ku Brazil kumene mpaka pano ili ndi otsatira ambiri.

Stunt Race FX, 1994

Gemu yachinayi inayesa kuthetsa vuto lonse kuchokera ku muzu. Kampani ya Argonaut Software ya ku London inathandiza Nintendo kupanga Super FX, purosesa yachiwiri yoikidwa m'kaseti momwemo, imene inaonekera koyamba mu gemu ya Star Fox mu 1993. Ndi kachipangizoka SNES inkatha kujambula mapoligoni, timapepala ta makona tolumikizidwa kupanga zinthu zokhala ndi msinkhu, m'lifupi ndi m'litali. Stunt Race FX, yotchedwa Wild Trax ku Japan, inali ndi misewu yeniyeni yokwera ndi kutsika, makona opendekeka, milatho ndi ngalande zodutsa pansi. Magalimoto ake, amene anawaika maso kutsogolo ngati zidole, ali ndi matayala oyenda paokha, ndipo thupi la galimoto limanjanja, kupendama ndi kudumpha mogwirizana ndi nthaka. Pa nkhani ya kulemera kwa galimoto ndi kagwiridwe ka msewu, inali patsogolo pa zinzake zitatu zija.

Mtengo wake unali wowawa. Chithunzi cha mpikisano chinachepetsedwa n'kuzunguliridwa ndi chimango chokhala ndi mawotchi ndi miyezo, ndipo ngakhale zinatero, chimasintha mwina ka 15 pa sekondi kapena kucheperapo. Kusiyana kwa 60 ndi 15 kumamveka bwino munthu akakuwerengera pa msewu. Galimoto yothamanga makilomita 200 pa ola imayenda pafupifupi mamita 56 pa sekondi. Ngati chithunzi chikusintha ka 60, woyendetsa amaona msewu mwatsopano galimoto isanayende mita yathunthu. Ngati chikusintha ka 15, galimoto imakhala itayenda pafupifupi mamita anayi iye asanaone chotsatira cha batani limene wadina. Tsono padi ya SNES ilibe chiwongolero chopendeka pang'onopang'ono. Batani la kumanzere limakhala lodinidwa kapena losadinidwa, ndipo kukhota mofatsa kumachitika podina mwakamphindikamphindi. Diso likachedwa kulandira yankho, chala chimapitiriza kudina, galimoto imakhota mopitirira, woyendetsa n'kubweza mopitiriranso. Ambiri oyamba kusewera Stunt Race FX amayenda mwa njoka chotero mpaka ataphunzira kudina msanga ndi kusiya msanga. Amene apirira amapezamo gemu yoganiziridwa bwino, koma kupirirako n'kofunika, pamene F-Zero imamveka m'manja pa mphindi yoyamba.

Sega inayenda njira yofanana chaka chomwecho ndi Virtua Racing ya pa Mega Drive, imene inali ndi kachipangizo kotchedwa SVP. Kasetiyo inkagulitsidwa pafupifupi madola 100 ku America, ndipo palibe gemu ina imene inatulukanso ndi kachipangizoko.

Poyerekeza anayiwa

Pa zithunzi zosindikizidwa m'magazini kapena kuseri kwa bokosi, Stunt Race FX ndi imene inkaoneka yatsopano koposa, Top Gear inkaoneka yofanana kwambiri ndi msewu weniweni, ndipo F-Zero inkaoneka yopanda kanthu. Padi ikakhala m'manja, mndandandawo umasintha. Mu gemu ya mpikisano chithunzi chimagwira ntchito imene galasi lakutsogolo limagwira kwa dalaivala, choncho mafunso oyenera kufunsa ndi akuti woyendetsa akuona patali bwanji, akuona kangati pa sekondi, ndipo akusiyanitsa msanga bwanji poyenera kuponda ndi poyenera kupewa. Pa miyezo imeneyi F-Zero ndi yosaposeka pa makinawa. Super Mario Kart inalolera kutaya theka la sikirini ndi liwiro kuti ipeze munthu wachiwiri, ndipo kuchuluka kwa anthu amene anaigula kukuonetsa kuti kusinthanako kunali koyenera. Top Gear inataya ufulu wokhotera kulikonse kuti ipeze zitunda ndi khamu la magalimoto.

Woyerekeza magemuwa masiku ano ayenera kusamalanso ndi mtundu wa makina amene akugwiritsa ntchito. Ku Japan ndi ku America mawailesi akanema ankatsata dongosolo la NTSC, la zithunzi 60 pa sekondi. Ku Britain, mbali yaikulu ya Ulaya ndi maiko a kum'mwera kwa Africa kuno ankatsata PAL, ya zithunzi 50. Magemu ambiri a SNES a PAL amayenda mochedwerapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndipo chithunzi chimakhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. N'chifukwa chake opikisana pa nthawi mu Super Mario Kart amasunga padera mbiri ya nthawi za PAL ndi za NTSC. Mawailesi amakono afulati nawonso nthawi zina amachedwetsa chithunzi pochikonza, komanso amaonetsa poyera m'mbali mwa timadontho mmene galasi lakale linkasalaza.

Njira zinayi zija sizinathere pa SNES, ngakhale kuti Stunt Race FX sinakhale ndi gemu yotsatira. Mario Kart 64 ya 1996 inamanga misewu ndi mapoligoni koma oyendetsa inawasiya ngati tizithunzi tafulati. F-Zero X ya 1998, pa Nintendo 64, inachotsa dala zokongoletsa zambiri m'mbali mwa msewu kuti magalimoto 30 athamange pamodzi chithunzi chikusinthabe ka 60 pa sekondi. Kampani ya Aquiris ya ku Porto Alegre, ku Brazil, inatulutsa Horizon Chase mu 2015 potsata kayendedwe ka Top Gear, ndipo inaitana Barry Leitch yemweyo kudzapeka nyimbo zake. Mu 2023 Nintendo inatulutsa F-Zero 99 pa Switch, yokhala ndi misewu yafulati ndi magalimoto anayi a mu 1990, koma yolola anthu 99 kupikisana nthawi imodzi kudzera pa intaneti.